The Irishman: filimu yapamwamba kapena madala opakidwa kompyuta kumaso?

Kachere77
Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndangomaliza kuonera The Irishman ija ya Scorsese, ndakhala ndikuizengereza kalekale chifukwa cha kutalika, maola atatu ndi theka si masewera. Nkhani yake ndaikonda sindikukana, koma chandivuta ndi nkhope zija. Akuti anagwiritsa ntchito kompyuta kuwabweza unyamata De Niro, Pacino ndi Pesci koma ine maso anga akukana. Pali pamene Pesci akukumana ndi De Niro koyamba pomwetsera mafuta thiraki itavuta, n'kumamuyankhula ngati kamfana, chonsecho amene ndikumuona pamenepo ndi bambo woti kunyumba ali ndi zidzukulu. Nde funso langa ndi ili, ndalama zonse anathira pankhopezo bwanji sanangotenga anyamata enieni asewere mbali ya unyamatayo? Kapena ndi ine ndekha amene sindikumvetsa?

KanyenyaBoy
Si inu nokha akulu. Ine inandithera pomwe De Niro akukamenya mwini golosale paja kkkkk

MaiAwiri
Paja mwana wake Peggy anakankhidwa mu shopu? Iii pamenepo ndinaseka mpaka misozi. Nkhope ikuti zaka 40, mwendo ukuti bwana tiyeni tikakhale pansi. Akuponda dzanja la munthu mosamala ngati akuopa kuterereka, manja atawapinda pachifuwa.

Fisi_wa_Joni
Ndi minibasi yopenta bodi injini ili yomwe ija. Ikaima pa siteji imaoneka yatsopano, ikayamba kukwera chitunda ndi pamene umadziwa zaka zake.

Gogo_Digital
Mundilole ndifotokoze pang'ono mmene anachitira chifukwa ambiri mukuganiza kuti ndi fyuluta ngati za pafoni zija. Ntchitoyi inagwiridwa ndi a Industrial Light & Magic (ILM), kampani yomwe George Lucas anayambitsa, ndipo amene ankatsogolera ndi Pablo Helman. Nthawi zambiri akafuna kusintha nkhope ya munthu pa kompyuta amamumata timadontho kumaso, kumuveka chipewa chokhala ndi kakamera kutsogolo, nthawi zina n'kukajambula yekha mu studio. De Niro ndi Scorsese anakana zimenezo, anati anthuwa azisewera moyang'anizana ngati filimu ina iliyonse popanda zomatamata. Ndiye a ILM anachita kupanga njira yatsopano. Anamanga makamera atatu pamodzi, yapakati ndiyo yojambula filimuyo, ziwiri za m'mbali zimajambula ndi kuwala kwa infrared komwe maso athu saona komanso sikusiya zithunzithunzi pankhope. Pulogalamu yawo yotchedwa Flux imatenga zomwe makamera atatuwo aona n'kuumba nkhopeyo mkati mwa kompyuta, mmene khungu likukokekera, mmene milomo ikuyendera, kenako n'kuika nkhope yachinyamata pamwamba pa kayendedwe komweko. Anasonkhanitsanso zithunzi zambirimbiri za m'mafilimu akale a anthu atatuwa kuti aziyerekezera. Asanayambe n'komwe, mu 2015, anayesa kaye pomuuza De Niro kuti abwereze kachigawo kena ka mu Goodfellas, ataona zotsatira ndi pamene anati zitheka. Mashoti omwe anawagwira chonchi ndi oposa 1,700. Ndiye mukhoza kudana nazo koma musati inali ntchito yaulesi.

KanyenyaBoy
Madala palibe wanena kuti ndi ulesi. Tikuti sizinagwire basi. Munthu akhoza kulimbikira chaka chonse n'kukolola zochepa

Gogo_Digital
Kumaso zinagwira, makamaka pa Pesci ndi Pacino. Pesci mukamuona ali phee patebulo akunyema buledi simungaloze pomwe kompyuta yadutsa. Vuto ndi thupi ndipo iwonso ankadziwa, pojambula panali munthu amene ntchito yake inali kuwakumbutsa zaka zomwe akusewera, kuti wongokani msana, tsikani masitepe mwachangu. Pali nkhani yomwe Scorsese mwini amaikamba, Pacino anadzuka pampando atakwiya, shoti yabwino kwambiri, kenako wina n'kunong'oneza kuti pamenepa munthuyu akuyenera kukhala wa zaka 49, abwereze adzuke ngati wa 49. Nthawi imeneyo Pacino anali ndi zaka 77, De Niro 74.

Thobwa_Wozizira
Nanga maso abuluu aja? Palibe akuwatchula. De Niro tamuzolowera ndi maso akuda kuyambira kale, apa angomupatsa abuluu owala ngati a chidole. Ine ndi amene anandisokoneza kuposa makwinya.

Namadzi
Frank Sheeran weniweniyo, amene De Niro akusewera, anali wochokera ku mtundu wa anthu a ku Ireland, maso abuluu, chimunthu chachitali, mpaka De Niro ankavala nsapato zazitali kuti azioneka wamkulu pafupi ndi anzake. Koma ndikuvomereza sisi, masowo akanangowasiya. Ndani akanadandaula?

Kachere77
Ndi zomwe ndikunenazo. Godfather yachiwiri ija ya 1974, Vito ali mnyamata anasewera ndi De Niro yemweyu pomwe wamkulu mu yoyamba ija anali Marlon Brando, palibe anadandaula, anapatsidwanso Oscar. Lero iyeyo akukana kupatsa mpata mfana wina? Mu Irishman momwemo Peggy ali mwana ndi wina, atakula ndi Anna Paquin, ndipo tonse tinamvetsa bwinobwino.

Mlonda_wa_Usiku
Achimwene a Kachere, apa nditsutsana nanu ndipo ndilemba zambiri mundipirire. Godfather yachiwiri ndi nkhani ziwiri zosiyana, ya bambo ndi ya mwana, zaka zambiri pakati, ndiye kusintha munthu sikuvuta. Irishman siyenda choncho. Imayambira kunyumba yosungira okalamba, Frank ali pa wheelchair, kenako ikulumphira ku ulendo wa pagalimoto wa 1975 akupita ku ukwati ku Detroit ndi azikazi awo akuimaima kuti asute fodya, mkati mwa ulendowo ikulumphiranso m'ma 1950, kenako ku nkhondo ku Italy, kubwereranso, choncho choncho. Tandiuzani, mnyamata wanuyo mukamusiyira pati n'kulowetsa De Niro? 1960? 1968? Tsiku lina Frank akugona ndi nkhope ina n'kudzuka ndi ina? Filimuyi mphamvu yake ili pa kuona anthu omwewo akutha pang'onopang'ono pamaso pako. Russell, mkulu wa mafia yemwe akusewera Pesci, amene mwamuona akulamula anthu ndi diso lokha ndi yemweyo mukumuonanso kundende dzanja likunjenjemera, mano kulibe, akuviika buledi mu juwisi chifukwa sangathe kutafuna. Akanakhala anthu awiri osiyana pamenepo simukanamva kuwawa komweko.

Chachiwiri, kumbukirani amene akukamba nkhaniyi. Ndi nkhalamba yomwe yatsala yokha. Munthu wokalamba akamakumbukira zakale sadziona ndi thupi la zaka 30, amadziika yekha mmene alili lero mkati mwa zakalezo. Nde kwa ine kuuma kwa thupi kuja, ngakhale sanachite dala, kukugwirizana ndi filimuyo. Frank sanakhalepo mnyamata mumtima, anabwera kuchokera ku nkhondo atafa kale mkati, kuja akuwauza akaidi a ku Germany kuti akumbe dzenje kenako n'kuwawombera momwemo nkhope osasintha.

Fisi_wa_Joni
Kkkkk a Mlonda mwayamba kuikira kumbuyo zolakwika. Ikanakhala filimu ya munthu wina mukanati alakwitsa. Poti ndi Scorsese ndiye mwendo wouma wasanduka nzeru zakuya.

Mlonda_wa_Usiku
Za golosale sindikuikira kumbuyo, pamenepo akanaika munthu wina womuimira kapena kujambula pafupi osaonetsa thupi lonse. Koma ndi masekondi angati pa maminitsi 209?

DJ_Kabaza
Maminitsi 209 amenewo ndi amene ine ndikulimbana nawo. Bandulo yake ndani akulipira? Ndinaidawuniloda usiku pa WiFi ya kuntchito n'kumaonera modukizadukiza pafoni, magetsi akazima ndasiya, akayaka ndapitiriza. Pafoni nkhope zija sizivuta n'komwe, mwina inu a ma TV akuluakulu ndi amene mukuvutika

MaiAwiri
Scorsese anachita kupempha anthu kuti chonde musaonere pafoni, inu ndi amene ankakunenani kkkk

DJ_Kabaza
Andigulire TV nde. Komanso ndikufunsa, ilipo yomasulira m'Chichewa ya iyiyi? Ndikuganiza anyamata omasulira aja angavutike, mu video show anthu amafuna zibakera, apa madala akungokambirana za nsomba yomwe inanyowetsa mpando wa galimoto mphindi zambirimbiri, anthu angabweze matikiti.

KanyenyaBoy
Za nsomba zija ndi zomwe zinandiseketsa kuposa zonse, munthu akupita kukaphedwa anthu ali pa mkangano woti inali nsomba ya mtundu wanji

Namadzi
Ndipo ndi pamene mtima umagunda kwambiri chifukwa iwe woonera ukudziwa kumene galimotoyo ikupita. Nyimbo palibe, phokoso palibe, Frank wangokhala kumbuyo. Scorsese wa Goodfellas ndi Casino akanaika nyimbo pamenepo kamera ikuthamanga. Apa kupha munthu ndi ntchito yotopetsa, kuwombera kawiri kumbuyo kwa mutu, kuponya mfuti mumtsinje, kubwerera kunyumba kukaonera nkhani pa TV. Komanso timawu tolembedwa tija, munthu akangotulukira filimu ikuima n'kulemba kuti uyu anawomberedwa kangati, chaka chanji, pakhomo pa ndani. Usanamudziwe n'komwe wauzidwa kale mathero ake.

Zondiwe_UK
Ine funso langa ndi lina. Hoffa ameneyu, amene akusewera Pacino, anali ndani kwenikweni kuti mpaka filimu yonse izungulire pa iye? Ndinkangomva dzina m'nthabwala za azungu kuno.

Mlonda_wa_Usiku
Jimmy Hoffa anali mtsogoleri wa Teamsters, bungwe la madalaivala a mathiraki ndi antchito ena ku America, kuyambira 1957. Nthawi imeneyo katundu wambiri ankayenda pamsewu ndiye munthu woti akhoza kuimitsa mathiraki dziko lonse anali ndi mphamvu zoopsa. Chomwe chinakoka a mafia ndi thumba la penshoni la mamembala, ndalama zake zinkabwerekedwa kwa anthu awo kukamangira mahotela ndi makasino ku Las Vegas. Robert Kennedy, yemwe anadzakhala mkulu wa zamalamulo m'boma la America, anamusaka kwa zaka, mu 1964 anamupeza wolakwa pa mlandu wofuna kugula anthu oweruza mlandu wake, analowa kundende 1967, Pulezidenti Nixon anamutulutsa mu 1971 koma ndi lamulo loti asakhudze za bungwelo mpaka 1980. Pomwe anali mkati mpando unali ndi Frank Fitzsimmons, yemwe a mafia ankamukonda chifukwa sankavuta. Hoffa atatuluka anafuna mpando wake, akumuchenjeza osamva. Pa 30 July 1975 anapita ku lesitilanti ya Machus Red Fox kufupi ndi Detroit kukakumana ndi anthu, sanaonekenso. Mu 1982 khoti linalengeza kuti anamwalira, mtembo mpaka lero sunapezeke.

Zondiwe_UK
Zikomo akulu. Nde ndi zoona kuti anamupha ndi Sheeran?

Thobwa_Wozizira
Apo nde pali nkhani. Filimuyi inachokera m'buku la Charles Brandt la 2004, I Heard You Paint Houses, ndipo bukulo ndi zomwe Sheeran anamuuza Brandt ali nkhalamba, anamwalira 2003 buku lisanatuluke. Atolankhani ambiri ndi anthu omwe anafufuza za Hoffa amati mdalayo ankanama kapena kuwonjezera. Amatinso za Joe Gallo, wa mafia uja anaphedwa mu 1972 ku lesitilanti ya Umberto's Clam House ku New York, yemwe Sheeran ankati anamupha yekha, mboni zinkakamba za anthu angapo osati mzungu mmodzi wamtali. Magazi omwe anapezeka m'nyumba yomwe Sheeran analoza ku Detroit atawayeza sanali a Hoffa. Pali pulofesa wa zamalamulo ku Harvard, Jack Goldsmith, yemwe analeredwa ndi Chuckie O'Brien, uja mu filimu akuyendetsa galimoto ya nsomba, analemba buku lonse kutsutsa kuti bambo akewo analipo. Ine ndi chimene chimandinyansa, ukutenga munthu weniweni woti ali ndi abale n'kumuonetsa dziko lonse akuperekeza munthu kokaphedwa popanda umboni.

Namadzi
Mfundo imeneyo ndi yolemera sisi, sindiitaya. Koma filimuyo siikuti izi ndi zomwe zinachitika, ikuti izi ndi zomwe mdala uyu akunena. Ngati akunama nde ndi zomvetsa chisoni kuposa, munthu woti ana ake anamutaya akudzinamizira kupha mnzake kuti mwina wina amumvetsere. Paja pali nesi uja akumuonetsa chithunzi cha Hoffa, mtsikanayo sakumudziwa n'komwe.

Thobwa_Wozizira
Anthu ambiri sawerenga zimenezo achimwene, akaonera Netflix basi kwa iwo ndi mbiri yakale imeneyo.

MaiAwiri
Poti mwatchula ana, ine dandaulo langa ndi azimayi mu filimuyi. Anna Paquin ndi munthu woti anapata Oscar ali kamtsikana, mwamuitana kudzangoyang'ana? Mawu omwe akuyankhula filimu yonse ndi owerengeka pa zala. Azikazi awo ntchito ndi kusuta fodya basi.

Mlonda_wa_Usiku
Mayi, Peggy kusayankhula kuja ndiye chiweruzo cha filimu yonse. Kuyambira tsiku la golosale mwana uja anaona bambo ake mmene alili ndipo sanawakhulupirirenso, Russell akumugulira mphatso akumukana, koma Hoffa akumukonda mpaka kuvina naye. Hoffa atasowa akungofunsa funso limodzi, bwanji simunamuimbire foni mkazi wake, basi kuchokera tsiku limenelo sanayankhulenso nawo. FBI inalephera, makhoti analephera kumugwira pa imfa imeneyo, mwana wake yekha ndi amene anadziwa.

MaiAwiri
Ndamva, koma ndi amuna okhaokha amene amati mkazi akakhala chete ndiye kuti wayankhula zamphamvu kkkk. Mwana wina uja, Dolores, anapatsidwa mpata pang'ono kumapeto n'kuwauza bambo ake kuti tinkaopa kukuuzani mavuto athu chifukwa cha zomwe mukanakachita, pamenepo ndi pomwe ndinamva kuti eya, ndi zomwe ndimafuna. Akanawonjezera zoterozo n'kuchotsako misonkhano ina ya Teamsters.

Fisi_wa_Joni
Chomwe chimandiseketsa ine, chaka chomwecho mdalayu ananyoza mafilimu a Marvel kuti si sinema, chonsecho Captain Marvel ya 2019 yomweyo inamubweza Samuel L. Jackson unyamata bwino kuposa iye. Ndalama pafupifupi madola 160 miliyoni, Paramount inachita kuthawa mpaka Netflix kuitola, n'kupambanidwa ndi anthu omwe ukuwanyoza.

Gogo_Digital
Jackson khungu lake silinakwinyike kwambiri ndipo ankamubweza ku zaka zomwe tonse tikumukumbuka, m'ma 1990, komanso njira yake ndi ina, amakonza chithunzi chomwe chajambulidwa kale pamanja shoti ndi shoti. Koma muoneni akamathamanga mu filimu imeneyo, mawondo amaulula chimodzimodzi. Harrison Ford mu Indiana Jones ya 2023 nkhope anaikonza bwino koma akatsegula pakamwa mawu ndi a munthu wa zaka pafupifupi 80. Aliyense amagwidwa penapake. Ndipo musaiwale a ILM sankafuna kutulutsa De Niro wa mu Taxi Driver, ankafuna Frank Sheeran wachinyamata, munthu wonenepa wamapewa akuluakulu. Anthu anakhumudwa chifukwa ankayembekezera nkhope yomwe amaidziwa.

KanyenyaBoy
Nanga mfana wa pa YouTube uja anaikonza ndi deepfake, njira yosinthira nkhope ndi AI, pa kompyuta ya kunyumba n'kuoneka bwino kuposa ya mamiliyoni?

Gogo_Digital
Shamook. Waluso ndithu, a ILM anamulemba ntchito mu 2021. Koma iye ankayambira pa ntchito yomwe a ILM anamaliza kale, n'kusankha mashoti omwe akumukomera, pa kavidiyo kakang'ono ka pa YouTube. Kuika zimenezo pa sikirini ya sinema maola atatu ndi nkhani ina. Komanso taonani bwino, deepfake ija imabweretsa nkhope yosalala yokongola koma timinofu tating'ono ta pansi pa maso tomwe De Niro akusewera nato timasowa. Chigawo choimbira foni Jo, mkazi wa Hoffa, chija, akuchita chibwibwi mawu osatuluka, mukachisalaza mwapha chilichonse.

Zondiwe_UK
Pesci yekha kwa ine ndiye filimu yonse. Tinamuzolowera akukalipa kutukwana, apa sakweza mawu ngakhale kamodzi koma ndi amene ukumuopa. Ndipo anali atasiya kale zosewera, anachita kumunyengerera kambirimbiri kuti abwere.

Namadzi
Anamubera Oscar ameneyo. Iye ndi Pacino anali gulu limodzi n'kugawana mavoti, Brad Pitt n'kudutsa pakati. Filimu yonse inasankhidwa m'magulu 10 osapata ngakhale imodzi, ya zokonza pa kompyuta inapita kwa 1917, yaikulu kwa Parasite.

Fisi_wa_Joni
Parasite inayenera, pamenepo tisakanganepo. Ndipo Pacino ankangokuwa ngati nthawi zonse

MaiAwiri
Ayi bwana, Hoffa amayenera kukuwa. Pokangana ndi Tony Pro, mkulu wina wa Teamsters, ku Miami paja, wina wabwera mochedwa atavala kabudula ku msonkhano, akutsutsana kuti kuchedwa kovomerezeka ndi maminitsi 10 kapena 15, anthu akuluakulu oti akugwira ndalama za penshoni za anthu miyandamiyanda. Ndi pamene umaona kuti munthuyu adzafera kusafuna kupepesa.

Kachere77
Ndawerenga zonse. A Mlonda mwandigwira pa mfundo yoti mnyamatayo tikanamusinthira pati, yankho ndilibe. Koma ola loyamba ndikanakondabe wina, olo mbali ya ku nkhondo ndi ya thiraki ya nyama yokha, kuyambira pomwe akumana ndi Hoffa apitirize De Niro. Kuchokera pamenepo nkhope sizinandivutenso, ndipo ola lomaliza, akudzigulira yekha bokosi lobiriwira, akusankha pomuika, a FBI akumuuza kuti onse omwe ukuwateteza anafa kale iye n'kumakanabe kuulula, pamenepo ndinaiwala zoti pali kompyuta.

Gogo_Digital
Kumapetoko kompyuta ndi yochepa, ukalamba wambiri ndi zopakapaka za make-up. Fat Tony Salerno uja amene mukumuona ngati mdala wa zaka 70 ndi Domenick Lombardozzi wa mu The Wire, anali ndi zaka za m'ma 40 pojambula, palibe amene amamutchula chifukwa palibe anazindikira.

KanyenyaBoy
Dikirani, Herc?? Wapolisi wadazi uja? Mukunama madala

Gogo_Digital
Yemweyo. Bwererani pa phwando lopereka ulemu kwa Frank paja, muyang'ane amene wakhala pafupi ndi Russell akuyang'ana Hoffa.

DJ_Kabaza
Ndinaifufuta kale pafoni, inkadya malo. Amene ali nayo pa flash mu Lilongwe muno andiuze ndidzatenge Loweruka